Kodi kukhwefula thalauza kunayamba bwanji?

Pali mphekesera yofala yoti kukhwefula thalauza kunayambira m'ndende za ku America ngati chizindikiro choti mkaidi akufuna kugonana ndi amuna anzake. Palibe umboni wotsimikizira zimenezi, ndipo kawirikawiri nkhaniyi amaifalitsa ndi akuluakulu ofuna kuchititsa manyazi anyamata kuti asiye khalidweli. Chodziwika n'chakuti ndende zambiri kumeneko salola akaidi kukhala ndi malamba poopa kuti angadzimangirire kapena kuvulaza anzawo, choncho mathalauza aakulu amene amapatsidwa amatsika okha. M'zaka za m'ma 1990 oimba nyimbo za hip-hop anatchukitsa kavalidweka, ndipo achinyamata ambiri anakakonda chifukwa kankawafananitsa ndi oimba otchukawo komanso kuwasiyanitsa ndi makolo awo, makamaka makolowo akamanyansidwa nako.