Dzina silinatuluke ku sukulu ya unamwino: mafunso ndi mayankho

Mayina a osankhidwa akatuluka, m'nyumba zina mumamveka nthungululu, m'nyumba zina mumangoti zii. Ine ndimaphunzitsa Bayoloje kusekondale, ndiye sabata imeneyo foni yanga siipuma. Amaimba ana amene ndinawaphunzitsa, makolo awo, nthawi zina amalume amene anagulitsa mbuzi kuti mwana alipire fomu. Mafunso ake amabwera omwewomwewo chaka ndi chaka, ndiye ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi zomwe ndimayankha.

Kodi unamwino amaphunzitsa kuti, ndipo munthu amafunsira bwanji malo?

Makomo ake ndi angapo, ndipo lililonse lili ndi kagogodedwe kake. Digiri ya unamwino ndi uzamba, yomwe imatenga zaka 4, imapezeka ku Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri amangoti KUHeS, komanso ku Mzuzu University. KUHeS inayamba mu 2021 pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinachoka pansi pa University of Malawi n'kuphatikizana. Amene wangomaliza Fomu 4 safunsira malo kumeneko mwachindunji. Amadzera ku National Council for Higher Education, kapena kuti NCHE, bungwe lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a mayunivesite onse 6 a boma.

Palinso Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, ndipo imalengeza malo payokha. Kenako makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo: Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, Nkhoma, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Malamulo ku Thyolo, Trinity ku Muona m'boma la Nsanje. Ambiri mwa amenewa amaphunzitsa dipuloma ya zaka 3 ya Nurse Midwife Technician, imene kuchipatala amangoti NMT.

Ana ambiri amene amandiuza kuti "andikana ku unamwino" ndikawafunsitsa ndimapeza kuti anagogoda khomo limodzi lokha, la NCHE, lomwenso ndi lopanikiza kuposa onse.

Mapointi anga anali abwino. Nanga anandisiyiranji?

Funso ili ndi limene limapweteka kwambiri, ndipo yankho lake nthawi zambiri lili pa satifiketi yanu yomweyo. Tengani pepalalo muliyang'ane bwino. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amene timanyadira aja ndi kuwonkhetsa kwa maphunziro 6 amene munakhoza bwino kwambiri, kaya ndi ati. Koma osankha anthu a unamwino maso awo amakhala pa Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi, Masamu ndi Chingerezi. Amene analemba kale, Kemisitiri ndi Fizikisi zisanapatukane, kwa iwo ndi Physical Science.

Tiyerekeze ana awiri. Woyamba ali ndi mapointi 15, koma anawapeza chifukwa cha 1 mu Chichewa, 2 mu Baibulo, 2 mu Zaulimi, pamene Kemisitiri anapeza 6 ndipo Masamu 7. Wachiwiri ali ndi mapointi 19, koma Bayoloje 2, Kemisitiri 3, Fizikisi 3, Masamu 4. Kumudzi onse adzatamanda woyamba uja. Ku unamwino wachiwiri ndiye ali patsogolo, ndipo woyambayo 7 wa Masamu yekhayo akhoza kumugwetsa fomu yake isanawerengedwe n'komwe.

Chinanso n'chakuti zoyenereza zomwe amalemba pa chilengezo, monga makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndi chiphaso chongolowera mumpikisano. Amene ali nazo ndi ochuluka kutalitali kuposa mipando, ndipo mipandoyo sangangoiwonjezera, chifukwa wophunzira unamwino amafunika wodi yophunziriramo ndi namwino womuyang'anira. Ndiye pali anthu amene anakwanitsa zonse koma anasiyidwabe. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, simunalakwe kanthu. Koma musanadzitonthoze choncho, onaninso fomu munatumiza ija. Ndinaonapo mwana atasiyidwa chifukwa anaiwala kuphatikiza risiti ya kubanki, wina chifukwa dzina la pa chiphaso cha unzika linasiyana kalembedwe ndi la pa satifiketi.

Kodi si chifukwa cha boma lomwe ndimachokera?

Boma linalengeza mu 2020 kuti njira ya kota, yosankha ophunzira potengera boma lomwe amachokera, yatha. Musataye nthawi pamenepa, bwererani ku magiredi a sayansi aja.

Ndibwereze Fomu 4?

Ngati chakugwetsani ndi giredi ya phunziro limodzi kapena awiri a sayansi, ndipo mtima wanu uli pa unamwino ndithu, ine ndimati bwerezani. Chaka chimodzi si kanthu poyerekeza ndi zaka 30 za ntchito. Mukhoza kulowa sukulu ya open kapena kulembetsa ku MANEB ngati wolemba wapadera. Koma musanalipire, werengani zilengezo za chaka chino za makoleji amene mukufuna, muone zomwe akunena pa nkhani ya kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri, komanso zaka za MSCE zomwe akulandira. Malamulo amenewa amasiyana koleji ndi koleji. Ngati akufuna zotsatira za ulendo umodzi, kulemba phunziro limodzi lokha sikukuthandizani, mufunika kulemba onse.

Ndipo kubwereza kukhale kosiyana ndi poyamba. Ngati sukulu yanu yakale inalibe labu, ndipo chipangizo ngati burette munangochiona pa chithunzi cha m'buku, funani malo amene mukagwire zipangizozo ndi manja anu. Kubwerera pa desiki lomwelo ndi makope omwewo kumabweretsa 7 yemweyo.

Ndimafuna digiri. Kupita ku NMT si kudzitsitsa?

Ayi. Pitani ku chipatala chaching'ono chilichonse cha kumudzi usiku, amene mukamupeze akuchiritsa mayi ndi tochi m'manja kawirikawiri ndi NMT. Kusiyana kulipo, sindikubisirani: wa digiri amalembedwa ngati Registered Nurse, amayambira giredi yapamwamba pa malipiro, ndipo maudindo oyang'anira wodi amafika msanga kwa iye. Koma njira yokwerera ilipo. NMT akagwira ntchito zaka zingapo, nthawi zambiri ziwiri, amatha kufunsira maphunziro owonjezera n'kufika pa Registered Nurse, ena mpaka digiri. Ndi njira yozungulira, ndipo kuphunzira uli kale ndi banja n'kolemetsa. Komabe amene anadzera kumeneku amafika m'kalasi manja awo atazolowera kale kubaya jakisoni ndi kupima mimba.

Pali maphunziro enanso aafupi a uzamba wa m'midzi, a Community Midwifery Assistant. Amenewa ndi a munthu amene wakonzeka kukakhala kumudzi ndithu, ndipo makwerero ake kuchokera pamenepo ndi aatali.

Koleji ina yandilandira kale popanda vuto, bola ndilipire. Ndipite?

Imani kaye. Apa ndi pamene mabanja amatayira ndalama zambiri, chifukwa mtima ukasweka munthu amathamangira aliyense amene wamumwetulira.

Namwino sagwira ntchito ndi satifiketi ya koleji yokha. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndi limene limavomereza maphunziro a unamwino ndi uzamba, limalembetsa ophunzira akangoyamba sukulu, limalembetsa mayeso a chiphaso akamaliza, n'kuika dzina la wokhozayo m'kaundula. Ngati maphunziro amene mukulipirawo bungweli silinawavomereze, simudzaloledwa kulemba mayeso amenewo, ndipo palibe chipatala chololedwa kukulembani ntchito ya unamwino. Zaka zanu ndi ndalama za makolo zidzangothera pa chithunzi chovala gauni.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa anachita zomwezi. Bambo ake analipira chaka chathunthu ndi ndalama za fodya pa koleji ina ya m'tauni. Yunifolomu yoyera anasoketsa, zithunzi anatitumizira. Atafunsa za kulembetsedwa ku bungwe la anamwino ankangouzidwa kuti zikukonzedwa. Anasiya chaka chitatha, n'kuyambiranso kufunsira malo ngati munthu amene sanaphunzirepo.

Ndiye funsani mafunso awiri, ndipo musafunse kolejiyo ayi, funsani eni ake. Ku NCHE: kodi koleji iyi inalembetsedwa? Ku Nurses and Midwives Council: kodi maphunziro awa, pa koleji iyi, munawavomereza? Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino pa maphunziro a zamalonda koma ya unamwinoyo ayi. Makoleji oyima paokha abwino alipo, ndipo iwo sakwiya mukafunsa. Samalaninso ndi mayina onga "nursing assistant" kapena "health care". Maphunziro otere akhoza kukuthandizani kupeza ntchito yosamalira odwala kapena okalamba, koma sakusandutsani namwino.

Wina akuti ali ndi mnzake ku ofesi, ndikamutumizira ndalama dzina langa lilowa.

Ndi wakuba. Ndalama ya fomu imalipiridwa mu njira yomwe yalembedwa pa chilengezo, m'dzina la koleji kapena bungwe, osati pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu.

Kupatula unamwino, ndi maphunziro ati a zaumoyo amene ndingaganizire?

Choyamba dzifunseni chomwe chinakukokerani ku unamwino. Ena ndi odwalawo: anadwazikapo agogo kapena mayi awo, ndipo anaona kuti manja awo amatha. Ena ndi sayansi. Ena, tinene zoona, ndi chifukwa anamva kuti ntchito yake siisowa. Palibe cholakwa pa zonsezi, koma njira zake n'zosiyana.

Ngati ndi odwala, onani za udokotala wothandizira, Clinical Medicine, umene umatulutsa ma clinical officer ndi ma medical assistant. M'zipatala zambiri za m'maboma iwowa ndi amene amaona odwala, kulemba mankhwala, ena mpaka kuchita opaleshoni ya amayi. Iwo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Ngati ndi sayansi koma magazi ndi mabala zimakuzunguzani mutu, pali zoyeza za mu labu, za mankhwala, zojambula za X-ray, za mano, za maso, ndi za ukhondo wa malo. Zambiri mwa izi zili ku Malawi College of Health Sciences. Dziwani kuti nazonso zimafuna sayansi yomweyo ndipo mpikisano ulipo, kungoti anthu saunjikana pamenepo ngati pa unamwino. Palinso ntchito ya alangizi a zaumoyo, a HSA, amene amayenda m'midzi ndi katemera ndi sikelo ya ana. Imeneyo amalengeza ngati ntchito ya boma, ndipo imakuonetsani chipatala mkati mwake musanadzipereke zaka zitatu.

Ngati chinali chitsimikizo cha ntchito chabe, musaope kuyang'ana kwina konse: uphunzitsi, zaulimi ku LUANAR, kapena luso la manja m'makoleji a pansi pa TEVETA. Ntchito ya usiku, kusambitsa wodwala amene wadziipitsira, kuuza banja kuti m'bale wawo watisiya, zimenezi zimalemera kwa munthu amene sanazifune.

Nanga fizi?

Ku makoleji a CHAM ndi ena, funsani msanga ngati malo amene akulengezawo ndi olipiriridwa ndi boma kapena mabungwe, kapena ndi odzilipirira nokha, chifukwa zimenezi zimasintha chaka ndi chaka. Powerengera musaiwale malo ogona, chakudya, yunifolomu, ndi thiransipoti yopitira kuzipatala zomwe akakutumizeni kukaphunzira ntchito. Ngongole za ophunzira zimachokera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, koma musalowe koleji mukungoganiza kuti ngongole ibwera. Funsani kaye ngati maphunziro anuwo ali m'gulu lomwe amathandiza.

Ndikamaliza, ntchito ndiipeza pompo? Nanga kupita kunja?

Dziko lathu likusowa anamwino, koma kusowa anamwino ndi kukhala ndi ndalama zowalembera ntchito ndi zinthu ziwiri. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula za anamwino amene anamaliza maphunziro koma ali pakhomo kudikira kuti boma liwaitane. Ambiri amayambira pa ntchito za kontirakiti m'mabungwe kapena m'zipatala zoyima pazokha.

Za kunja, Malawi ili pa mndandanda umene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 2023, wa mayiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zaumoyo ochepa kwambiri, ndiye olemba ntchito a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kuno, ngakhale namwino payekha atha kufunsira. Njira yopitira ku Britain kukasamalira okalamba, imene ambiri ankadalira, inatsekedwa kwa ofunsira ali kunja mu July 2025.

Mwana wanga wangodzitsekera m'nyumba chitulukire mayina. Nditani?

Musamufanizire ndi mwana wa aneba amene wasankhidwa, akudziwa kale. Mupatseni masiku angapo, kenako mukhale naye pansi ndi satifiketi ija, muone limodzi ngati vuto ndi giredi, fomu, kapena kuchepa kwa malo. Mukatero lembani pa pepala makoleji onse amene akuyenera, osasankha apafupi okha. Mwana wa ku Dedza atha kukaphunzira ku Muona, ndipo wa ku Mulanje ku Ekwendeni. Zilengezo zimatuluka m'nyuzipepala ndi pa masamba a makolejiwo pa nthawi zosiyanasiyana, ndiye wina m'banjamo akhale ndi udindo woziyang'ana sabata iliyonse. Mafotokope a satifiketi, chiphaso cha unzika ndi zithunzi zikhale mu envulopu imodzi, ndalama ya mafomu atatu kapena anayi ikhale padera. Makoleji ambiri amaitana ofunsira ku mayeso olowera ndi kucheza nawo pamaso, choncho buku la Bayoloje ndi la Masamu asalibwereketse kaye.