Thukuta la tsaya limodzi pa nthawi ya chakudya

Mwangoika mbamu yoyamba ya nsima m'kamwa, tsaya limodzi layamba kutentha, kenako madzi akuyenderera kutsogolo kwa khutu. Tsaya linalo ndi louma. Mukamaliza kudya, zonse zii. Ili si thukuta la mu Okutobala lija limanyowetsa thupi lonse kuno ku Chipata. Ngati munachitidwapo opareshoni pansi pa khutu, paja pamatupa mwana akadwala matsagwidi, uthengawu ndi wanu: vutoli limatchedwa Frey's syndrome.

Pamalopo pali kachiwalo kopanga malovu kotchedwa parotid. Dokotala akamachotsa chotupa, timitsempha tolamula malovu timaduka. Timaphukanso pang'onopang'ono, koma tina timasochera n'kukalumikizika ku tiziwalo ta thukuta ta pakhungu. Ubongo ukalamula kuti malovu atuluke, uthengawo umagogoda pakhomo lolakwika. N'chifukwa chake vutoli limabwera mochedwa, patapita miyezi ingapo kapena chaka, bala litapola kale. Zowawasa ndiye zimaliputa kwambiri: ndimu, bwemba, malambe, mango osapsa. Ena fungo la ndiwo lokha limawakwanira.

Sakukulodzani. Thukutali palokha silitanthauzanso kuti chotupa chabwerera, ndipo silipatsirana.

Dokotala wa ku France, Jules Baillarger, analemba za odwala otere mu 1853, koma ankaganiza kuti ndi malovu akudutsa pakhungu. Amene anafotokoza bwino za mitsempha ndi mayi Łucja Frey, dokotala wa ku Poland, mu 1923. Wodwala wawo anali msilikali wa zaka 25 amene anawomberedwa ndi chipolopolo pafupi ndi khutu. Mayiwa, amene anali Myuda, anafa m'manja mwa a Nazi a ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Dzina lawo linatsalira pa vutoli: Frey's syndrome.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Amapaka ayodini patsaya, akauma amawazapo ufa wa sitachi, n'kukupatsani chowawasa kuti muyamwe. Potuluka thukuta pamada bii, malire ake n'kuonekera.

Ambiri thukuta lawo ndi lochepa, kansalu kopukutira kamakwana. Koma zimapweteka mtima kuona munthu akuthawa kudya ndi anzake pa ukwati kapena pamaliro chifukwa cha manyazi, pamene thandizo lilipo. Pali mankhwala opaka ochepetsa thukuta, komanso jakisoni wa botulinum amene amaliletsa kwa miyezi yambiri, kenako n'kubayanso. Musatemerepo mphini, pafupi pomwepo pamadutsa mtsempha woyendetsa nkhope.

Yambirani ku kiliniki ya kwanu mutatenga khadi lanu la opareshoni, akulembereni kalata ya ku chipatala chachikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete. Koma mukaona chotupa chatsopano, mafinya, kapena pakamwa papotokera mbali imodzi, pitani tsiku lomwelo. Ngati thukuta likutuluka mbali zonse ziwiri za nkhope podya, pemphani akuyezeninso shuga.