Usiku wa maola atatu: kuchoka ku New York kupita ku London pampando wa ekonome

"Mwanangu, kodi kwacha kale?"

Anandifunsa choncho mayi ena achikulire, atasuzumira kunja kwa chitenje chomwe anafunda mpaka kumutu. Ine n'kuti nditaima pambali pa mpando wawo, kathireyi ka chakudya cham'mawa kali m'manja. Tinali titadziwana madzulo ake pakhomo la ndege, pomwe ndinawamva akutsanzikana ndi zidzukulu pafoni m'Chichewa. Ndinawayankha kuti, "Eya mayi, kunja kwacha ndithu. Koma m'thupi mwanumo ikadali 1 koloko usiku." Anandiyang'ana, n'kuyang'ana pawindo pomwe panali patayamba kuyera, basi n'kupukusa mutu.

Pa zaka zomwe ndagwira ntchito yosamalira anthu m'ndege zowoloka nyanja ya Atlantic, funso limeneli ndalimva kosawerengeka. Anthu amakonzekera ulendo wautali, koma chomwe chimawapweteka n'chakuti usiku wake ndi waufupi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pabwalo la JFK ku New York kukafika ku Heathrow ku London ndi makilomita pafupifupi 5,500. Ndege zambiri zolowera ku Ulaya zimanyamuka madzulo n'kukatera m'mawa. Tinene kuti tikiti yanu ikuti kunyamuka 7:30 madzulo, kufika 7:30 m'mawa. Papepala zikuoneka ngati maola 12, usiku wathunthu. Sichoncho ayi. Nthawi ya ku London ili patsogolo ndi maola 5, ndiye ulendo wonsewo ndi wa maola 7 okha, ndipo pa 7 amenewa muchotsepo mphindi zomwe ndege imatha ikuyenda pansi kudikira mpata wonyamukira, zomwe pa JFK madzulo zimatha kupitirira theka la ola. Mukafika m'mwamba, ife timatulutsa timangolo ta zakumwa ndi chakudya. Kuti tidyetse anthu 200 kapena 300, titolere mathireyi, tizimitse magetsi, nthawi ya ku New York imakhala ikuyandikira 10 koloko. Kukatsala ola limodzi ndi theka kapena limodzi kuti titere, timayatsanso magetsi kuti mudye cham'mawa. Mdima womwe mwatsala nawo pakatipo ndi maola atatu, mukachita mwayi anayi.

Amene anadzera ku Johannesburg kupita ku Atlanta, kapena ku Nairobi kupita ku New York, amadziwa usiku wamtundu wina, wa maola 15 kapena kupitirira, woti munthu amagona, kudzuka, kugonanso. Wa New York kupita ku London ndi wosiyana nawo kotheratu.

Chomwe chimaufupikitsanso ndi mphepo. M'mwamba momwe timadutsa, makilomita 10 mpaka 12 kuchoka pansi, muli mphepo yamphamvu yomwe timaitcha jet stream, yowomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Popita ku London imatikankha kumbuyo, pobwerera ku New York timalimbana nayo, n'chifukwa chake ulendo wobwerera umatalika ndi ola limodzi kapena kuposerapo. Nyengo yozizira imakula mphamvu. Mu February 2020, pa nthawi ya namondwe wotchedwa Ciara, ndege ya Boeing 747 ya British Airways inawoloka kuchoka ku New York kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56 zokha. Usiku uliwonse oyang'anira kayendedwe ka ndege a ku Gander, ku Canada, amakonza njira za m'mwamba motsatira komwe mphepoyi ili, ndipo ndege zambirimbiri zimatsatana m'njira zimenezo mumdima. Mukaona kamoto kakuthwanima patali pawindo, kawirikawiri ndi anzanu a ulendo womwewo.

Tsono nali langizo lomwe ndimapereka kwa abale anga onse: musanakwere, sankhani chimodzi, chakudya kapena tulo. Zonse ziwiri sizikwana bwino. Ngati m'mawa mwake muli ndi ntchito, msonkhano kapena ndege ina yoti mukwere, idyani pabwalo la ndege musanalowe, tsukani mkamwa komweko, ndipo ndege ikangokhazikika m'mwamba phimbani maso mugone. Mutiuze kuti tisakudzutseni, sitikhumudwa. Ndikudziwa kuti ambiri a ife zimatipweteka kusiya chakudya choti tinalipira, makamaka tikakumbukira mtengo wa tikiti. Koma chakudyacho ndi kankhuku ndi mpunga kapena pasta, kabanzi ndi kotsekemera pang'ono, ndipo m'mwambamo lilime silimva bwino mchere ndi shuga. Ola ndi theka la tulo lidzakuthandizani kwambiri mawa lake kuposa kathireyi kameneko.

Ngati simungagone opanda kudya, kapena muli ndi matenda a shuga, itanitsiranitu chakudya chapadera pa intaneti kukatsala masiku awiri. Chakudya chotero timachipereka choyamba, ndiye mumamaliza anzanu asanayambe. Onetsetsaninso ngati tikiti yanu ili ndi chakudya, chifukwa makampani ena otchipa amagulitsa padera.

Za filimu ndingonena mwachidule. Kasikirini kali kutsogolo kwanuko kamaba tulo ta anthu ambiri kuposa kulira kwa mwana.

Mpando wa ekonome, wa tikiti yotsika mtengo, ndi wothina, palibe chobisa. Kuchoka pampando wanu kufika pa wakutsogolo ndi masentimita pafupifupi 78, m'lifupi mwake 43 mpaka 46. M'ndege za Boeing 787 ndi Airbus A350 mumakhala atatu, atatu, atatu pamzere, pomwe mu Boeing 777 zambiri ndi atatu, anayi, atatu. Wofuna tulo asankhe wa pawindo, chifukwa ali ndi potsamira mutu ndipo palibe womudzutsa. Wodzuka pafupipafupi kukataya madzi asankhe wa m'mbali mwa kanjira, koma abweze chigongono ndi bondo, kangolo kathu n'kolemera ndipo mumdima sitiona bwino. Mipando ya pafupi ndi chimbudzi kapena ndi kakhitchini kathu ili ndi phokoso ndi kuwala usiku wonse, ndipo ya mzere womaliza nthawi zambiri sipendekeka mokwanira. Pa nkhani yopendeketsa mpando anthu amakangana kwambiri. Maganizo anga ndi awa: paulendo wausiku aliyense ali ndi ufulu wopendeketsa, koma dikirani mathireyi achoke, cheukani kaye, ndipo bwezani pang'onopang'ono. Ndaonapo tiyi wotentha akukhutukira pamiyendo ya munthu chifukwa wakutsogolo anangogwetsa mpando mwadzidzidzi.

Kumazizira. Kunja kwa ndege kumakhala madigiri 50 kunsi kwa ziro, ndipo pafupi ndi zitseko kuzizirako kumamveka kumapazi. Kabulangete komwe timapereka n'kopyapyala. Tengani juzi ndi masokosi. Mayi aja ndi chitenje chawo anaganiza bwino kuposa ambiri, chifukwa chinawafunditsa n'kuwatchingiranso kuwala.

Tsopano za thupi, zomwe ndikufuna muzimve bwino. Mpweya wa m'ndege ndi wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400. Amene anakwerapo phiri la Zomba akudziwa msinkhu umenewo. Komanso ndi wouma kwambiri. Milomo imauma, maso amathetheka, ludzu limabwera mosazindikira. Mpweya wa m'mimba umafufuma, choncho nyemba, kabichi ndi zakumwa za thovu zisiyeni tsiku limenelo. Dutsani pachipata cha chitetezo ndi botolo lopanda kanthu, mukalidzaze madzi mkati, chifukwa timakapu tathu n'tating'ono.

Vuto lomwe timakumana nalo kwambiri usiku ndi kukomoka. Usiku wina, titadutsa kale gombe la Canada, ndinali m'kakhitchini kakumbuyo pomwe ndinamva chinthu chikugwa kuti khu! Ndinapeza bambo wina wamphamvu zake ali gada pakhomo la chimbudzi, nkhope itatuwa, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mnzanga anawakweza miyendo pachikwama, ine ndikuwagwira paphewa. "Bambo, mukundimva? Muli m'ndege, mwagwa pang'ono, musadzuke kaye." Patapita mphindi imodzi anatsegula maso. Tinawapatsa mpweya wa m'botolo ndi madzi. Nkhani yawo inali yomwe timaimva nthawi zonse: tsiku lonse akuthamangathamanga osadya bwino, vinyo makapu awiri m'ndege, tulo atakhala tsonga, kenako n'kudzuka mwachangu. Magazi amakhala atatsikira kumiyendo ndipo mutu umasowa. Mukadzuka usiku, khalani kaye mphindi imodzi, gwedezani mapazi, kenako imirirani. Mukamva chizungulire, khalani pansi pomwepo ngakhale pakanjira, ndipo dinani kabatani kotiyitanira. Musachite manyazi, ntchito yathu ndi imeneyo.

Kukhala malo amodzi maola opitirira anayi kumathanso kuchititsa kuti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Kwa ambiri chiopsezocho n'chochepa, ndipo kupindapinda akakolo ndi kuyendako kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Koma amayi oyembekezera, amene achitidwa opaleshoni posachedwa ndi amene vutoli linawachitikirapo ayenera kuonana ndi dokotala asananyamuke. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka kukatumba, kapena mukayamba kubanika patapita masiku mutafika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala ogonetsa omwe simunamwepo musawayesere m'ndege, makamaka pamodzi ndi mowa. Mankhwala anu a tsiku ndi tsiku akhale m'chikwama cha m'manja.

Lamba mangani pamwamba pa bulangete, kuti tikamayendera tizimuona popanda kukudzutsani. Pamwamba pa Atlantic ndege imagwedezeka ndithu, makamaka polowa ndi potuluka mumphepo ija, ndipo nthawi zina popanda chenjezo chifukwa kugwedezeka kwina kumachitika popanda mtambo uliwonse. Ndegeyo inapangidwa kuti izipirira zimenezo. Amene amavulala ndi omwe sanamange lamba, ndiponso ife amene timakhala chiimirire.

Magetsi akangoyaka m'mawa, mzere wa kuchimbudzi umatalika mpaka pakati pa ndege. Mukadzuka msanga, pitani tisanayambe kugawa chakudya, ndipo valani nsapato, chifukwa chonyowa chili pansi m'menemo si madzi okha. Mapazi amatupa usiku, ndiye nsapato zothina zimavuta kuvalanso. Potsika makutu amatseka: mezani malovu, yasamulani, tafunani chingamu. Khanda liyamwe nthawi imeneyo. Wa chimfine amamva kuwawa kwambiri, choncho afunse kwa wogulitsa mankhwala asanakwere.

Mukaona pamapu a pakasikirini ndege ikuzungulira malo amodzi pafupi ndi London, musade nkhawa. Heathrow ili ndi misewu iwiri yokha ya ndege, imachepetsa kwambiri ndege zotera isanakwane 6 koloko chifukwa cha phokoso, ndipo m'mawa za ku America, ku Africa ndi ku Asia zimafikira pamodzi. Timadikira mpata basi.

Mukatuluka, wotchi ikuti 8 koloko m'mawa koma thupi likuti 3 koloko usiku. Galimoto musayendetse tsiku limenelo, makamaka ngati munazolowera kumanja kwa msewu monga ku America, chifukwa ku Britain amayenda kumanzere. Kwerani sitima ya Elizabeth kapena ya Piccadilly, kapena wina akutengeni. Mukafika kunyumba, tulo tikakukulirani gonani ola limodzi ndi theka mutatchera alamu, kenako tulukani panja masana muone kuwala ngakhale kuli mitambo, ndipo limbikirani mpaka 9 koloko madzulo.