Mikanda Yotsalira Pansi pa Bokosi

Aliyense wotunga mikanda ali ndi timabotolo timene sitikutha. Yofiira, yabuluu ndi yagolide imayenda msanga, koma yotuwa, yabulawuni, yachikasu chodera ndi ya olenji imangokhala pansi pa bokosi chaka ndi chaka. Ogula amailambalala, nafenso opangafe timaiopa. Ine ndimati mikanda imeneyi ilibe mlandu. Chimene chimaipitsa mtundu ndi umene wauika pambali pake, komanso kuchuluka kwake.

Nkhaniyi inadziwika kale. Mu 1824, katswiri wa sayansi Michel Eugène Chevreul anapatsidwa udindo woyang'anira zonyika ulusi pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris. Kunali madandaulo akuti ulusi wakuda ukumaoneka wosuluka ukalukidwa. Atafufuza anapeza kuti utoto unali bwinobwino. Diso ndi limene linkanamizidwa ndi mitundu yoyandikana nawo. Zimene anapezazo anazisindikiza mu 1839, ndipo mpaka lero zimatithandiza. Ikani mkanda wotuwa pakati pa yofiira, mudzauona ukubiriwira pang'ono. Womwewo muuike pakati pa yachikasu, udzapendekera ku pepo. Mkandawo sunasinthe ayi, ndi maso anu amene akuwonjezerapo mtundu wotsutsana ndi woyandikana nawo.

N'chifukwa chake olenji, amene ambiri amati ngwaphokoso, amakongola kwambiri akakhala pafupi ndi buluu wakuda, popeza mitundu iwiriyi ndi yotsutsana. Koma musawapatse malo ofanana, chifukwa akalingana amalimbana ndipo diso limatopa. Buluu atenge mkanda wonse wa m'khosi, olenji angowonekera apa ndi apo, kamodzi pa mikanda isanu ndi iwiri kapena khumi. Wotuwa ndi bulawuni ntchito yawo ndi ina: iwowa angathe kuchuluka, chifukwa amakhazika pansi mitundu yowala n'kuipatsa mpata wooneka. Chibangili cha bulawuni chokhala ndi timikanda tochepa tobiriwira ndimachikonda kuposa chodzaza ndi zonyezimira zokhazokha.

Kukula kwa mkanda kumathandizanso. Timikanda tagalasi ting'onoting'ono, monga ta makampani a Miyuki ndi Toho a ku Japan kapena Preciosa ya ku Czech Republic, timadziwika ndi manambala, ndipo nambala ikakula mkanda umachepa: 11/0 ndi pafupifupi mamilimita 2, 8/0 ndi 3, pamene 6/0 ndi 4. Mtundu wokuvutani yambani nawo pa 11/0, muziulowetsa pakati pa mikanda ikuluikulu. Umagwira ntchito yake osalamulira chinthu chonse.

Pali china chimene ongoyamba kumene sachiganizira: ulusi. Mkanda woonekera mkati umatengera mtundu wa ulusi umene wadutsamo. Wachikasu wotungidwa pa ulusi wakuda umaoneka wauve, koma pa ulusi woyera umawala. Mikanda yambiri imene anthu amaitaya kuti njoipa imakhala itaphedwa ndi ulusi basi. Nakonso kunyezimira kumasintha zinthu. Bulawuni wosalala wonyezimira ndi bulawuni wosanyezimira, ngakhale utoto uli umodzi, pakhungu amaoneka ngati mitundu iwiri, ndipo kuwasakaniza pa ndolo imodzi kumabweretsa kukongola kumene simungakupeze powonjezera mtundu wachitatu.

Chenjeraninso ndi mmene mtunduwo unalowera. Galasi labwino limalandira mtundu lili losungunuka, kuchokera ku mankhwala amene amathiramo: cobalt amapereka buluu, chitsulo chimapereka kubiriwira kapena bulawuni, selenium ndi cadmium amapereka kufiira, olenji ndi chikasu. Mtundu wotere sufufutika. Koma mikanda ina, makamaka yapinki ndi yapepo, imangopakidwa pamwamba, ndipo thukuta, sopo ndi dzuwa zimaisulutsa. Zimandipweteka kuona ntchito ya masiku ambiri itatumbuluka patangopita miyezi yochepa. Musanayambe, tengani ingapo muiviike m'madzi a sopo usiku wonse, kenako muikhule ndi kansalu koyera. Kansaluko kakatenga mtundu, mikandayo muisungire ndolo, zimene sizikhudzidwa kwambiri, osati chibangili.

Pomaliza kusankha, musadalire mmene mikanda ikuonekera m'botolo, popeza ikaunjikana imaoneka yakuda kuposa mmene idzakhalire pa ulusi. Tungani kachingwe ka masentimita asanu, mukaike padzanja, mutuluke nako panja masana. Ngati sikakukomerani, sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya ulusi, kaya kuchuluka kwa mtundu wovutawo, n'kutunganso kena kuti muyerekeze ndi koyamba.