Kagalu kakamakana kudya: kakudwala, kapena munakazoloweretsa?

Mayi wina anafika kuntchito kwanga atanyamula kagalu ka miyezi isanu m'katoni ya sopo. Asanakhale n'komwe pansi anayamba kudandaula: "Adokotala, Bingo wasiya kudya. Lero ndi tsiku lachinayi, nsima akungoinunkhiza n'kuchokapo." Ndinakatulutsa m'katonimo n'kukaika pansi. Kanazungulira chipinda chonse, kenako kanagwira chingwe cha nsapato yanga n'kuyamba kukoka, mchira uli pukupuku. Maso anali owala, ubweya wosalala, nkhama zofiirira bwino, ndipo kutentha kwa thupi kunali madigiri 38.6, komwe kwa galu n'kwabwinobwino. Ndinawafunsa ngati pa masiku anayi onsewo sikanalaweko kanthu. Anayamba aganiza kaye. "Dzulo ndinamukazingira dzira, poti anandimvetsa chisoni. Dzana bambo a kunyumba anamupatsa chikopa cha nkhuku. Anawa nawonso amamunyemerako mandasi akamapita kusukulu."

Bingo anali kudya ndithu. Chimene anasiya ndi nsima ya m'mbale mwake, chifukwa anali ataphunzira kuti ukaikana n'kudikira pang'ono, dzira limabwera.

Koma si kagalu kalikonse kokana chakudya kamene kali ngati Bingo. Ndinalandirapo kena ka masabata 10, mwini wake atadikira masiku atatu akuti "kakungosankha, njala ikakagwira kadya." Pofika kwa ine kanali katafookeratu, maso atalowa m'kati, kakutsegula m'mimba zamagazi zonunkha kwambiri. Kanali ndi matenda a parvo, obwera ndi kachilombo kowononga matumbo a agalu, ndipo sitinathe kukapulumutsa. Eni ake a tiagalu tiwiriti ananena mawu ofanana, akuti sikakudya. Kusiyana kwake sikunali m'mbale, kunali pa thupi la galuyo. Choncho musanaganize zosintha chakudya kapena zokalanga ndi njala, yambani mwakayang'ana.

Kagalu kongosankha kamasewera, kamauwa munthu akagogoda pageti, kamamwa madzi, chimbudzi chake chimakhala cholimba, ndipo mukatsegula sefuliya ya nyama kamafika msanga kuposa wina aliyense. Kodwala kamakana ngakhale chimene kamachikonda. Kamagona pamalo amodzi, kamasanza, kapena kamatsegula m'mimba. Tukulani mlomo wake wam'mwamba muone nkhama. Zikhale zofiirira ndi zonyowa. Zikayera ngati pepala, magazi achepa, ndipo kwathu kuno zimene zimachititsa kawirikawiri ndi njoka zam'mimba zoyamwa magazi kapena matenda obwera ndi nkhupakupa. Zikaoneka zachikasu, chiwindi chili pamavuto kapena magazi akuwonongeka. Kwezaninso chikopa cha pakhosi chakumsana n'kuchisiya: chikachedwa kubwerera, madzi atha m'thupi. Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kuti mupite kwa a vetenale tsiku lomwelo. Ndipo ngakhale popanda chizindikiro china, kagalu kosakwana miyezi itatu kasapitirire maola 12 kasanadye kanthu, pakuti shuga wa m'magazi mwake amatsika msanga. Kokulirapo kakatha tsiku lathunthu kosalawa chilichonse, ngakhale zokoma zomwe, kakaonedwe.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachenjeza aliyense. Galu akasiya kudya, dovu likuchucha, akuoneka ngati chinachake chamuima pakhosi, anthu ambiri amapisa dzanja m'kamwa kufuna fupa. Musatero. Chiwewe chimayamba chonchi nthawi zina, ndipo kachilombo kake kali m'malovumo. Ngati galuyo sanabayitsidwe katemera wa chiwewe, amene amaperekedwa kuyambira miyezi itatu, mutsekereni pamalo payekha, ana asamuyandikire, muitane alangizi a ziweto.

Tsono tinene kuti mwakayang'ana ndipo kali bwino. N'chifukwa chiyani kasiya kudya ngati kale?

Nthawi zambiri madandaulo amenewa amandipeza kagalu kali pakati pa miyezi inayi ndi isanu ndi iwiri, ndipo pali zifukwa ziwiri za m'thupi. Choyamba ndi mano. Mwana wa galu amakhala ndi mano a mkaka 28, ndipo pa msinkhu umenewu amaguluka kuti pamere okhalitsa 42. Nkhama zimatupa, zimayabwa, nthawi zina zimatuluka timagazi. N'chifukwa chake kamatafuna mapatapata ndi miyendo ya mipando koma chakudya cholimba n'kumachizemba. Kunyika chakudyacho m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo kumathetsa vutoli. Chachiwiri ndi kakulidwe. Kakangosiya kuyamwa, kagalu kamafuna chakudya chochuluka pafupifupi kawiri kuposa galu wamkulu, tikayerekeza pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kakamayandikira theka la chaka, kukula kumayamba kuchedwa ndipo njala ija imachepa. Mwini wake amakumbukirabe kagalu kamene kankanyambita mbale mpaka kuikankhira kukhoma, ndiye akaona kasiyako theka amada nkhawa. Pamenepo ndi pamene dzira lokazinga limayambira. Onjezanipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala: galu aliyense amadya pang'ono dzuwa likaswa mtengo, ndipo amadya bwino m'mamawa ndi madzulo kukazizira.

Galu samva kukoma monga timamvera ife. Lilime lake lili ndi timalo tomvera kukoma pafupifupi 1,700, pamene la munthu lili ndi pafupifupi 9,000. Iye amasankha ndi mphuno. Mkute wozizira wa dzulo kwa iye ulibe fungo lokopa, pamene mafuta a nkhuku akuwamva ali kuseri kwa nyumba. Ndiye mukaika ziwirizi pa mpikisano, mkute sungapambane. Komanso galu satopa ndi chakudya chimodzimodzi ngati mmene munthu amatopera ndi nyemba za tsiku ndi tsiku. Angadye chakudya chomwecho chaka chonse osadandaula, bola chikhale chokwanira m'thupi. Kufuna zosinthasintha timamuphunzitsa ndife, ndipo amaphunzira msanga: kawiri kapena katatu kokha mutasinthitsa mbale yokanidwa ndi chokoma, phunziro lalowa.

Njira yowongolera ndi yosavuta kuinena, kulimba kwake kuli pa mtima wa mwini galu. Sankhani nthawi zodyera ndipo muzisunge. Kagalu kosakwana miyezi itatu kadye kanayi patsiku, kuchokera apo mpaka miyezi isanu ndi umodzi katatu, kenako kawiri. Ikani mbale pansi, chokanipo, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 mukaichotse, kaya kadya kaya sikanadye. Musakanyengerere, musakadyetse ndi dzanja, musaime pambali n'kumakayang'anitsitsa. Kufikira nthawi ina yodyera, kapeze madzi okha. Kagalu kathanzi kamene kapitirira miyezi inayi sikavulala chifukwa chodumpha chakudya kamodzi kapena kawiri, ndipo ambiri mwa agalu amene ndawaona amayamba kudya bwino pasanathe masiku atatu. Izi sizikukhudza tiagalu tating'ono kwambiri kapena todwala, monga ndanena kale.

Chimene chimalepheretsa njirayi kawirikawiri si galu, ndi pakhomo. Mayi asunga lamulo, koma bambo akuponya fupa pansi pa tebulo, agogo akuti "musamuzunze mwanayu," mlonda usiku akugawana naye chinangwa. Khalani pansi banja lonse mugwirizane, ndi antchito omwe. Ngati ana akufuna kumamupatsa kanthu pomuphunzitsa kukhala pansi kapena kubwera akaitanidwa, tapaniko pa chakudya chake cha tsikulo, ndipo tonse topatsidwa m'manja tisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene amadya.

Yang'ananinso malo amene mumaika mbale. Ndinapitapo pakhomo pena pamene kagalu kankaonda chonsecho chakudya chinalipo chambiri. Nditakhala pakhonde ndinaona chifukwa chake: mbale inali imodzi ya agalu atatu, ndipo galu wamkulu ankangokweza mlomo pang'ono osauwa n'komwe, kagaluko n'kubwerera m'mbuyo. Eni ake ankati kamanyada. Titakapatsa mbale yakeyake kuseri kwa khitchini, kanadya mpaka kunyambita pansi. Mbale itsukidwe tsiku lililonse, chifukwa chakudya chonyowa chikakhala padzuwa chimasasa, ntchentche zimaterapo, ndipo mphuno ya galu imadziwa ife tisanadziwe.

Nthawi zina kagalu kamakana chifukwa chimene chili m'mbalemo n'choperewera ndithu, ndipo apa ndimakhala kumbali ya galu. Nsima yokhayokha, kapena phala la madeya lothira madzi, imadzaza mimba koma simanga thupi. Kagalu koleredwa chonchi kamatupa mimba, ubweya umayoyoka, miyendo yakutsogolo imapindika chifukwa mafupa akusowa kashiamu. Nyama yokhayokha yopanda mafupa imabweretsanso vuto lomwelo la mafupa ofewa, zimene zimadabwitsa anthu amene amawononga ndalama zambiri kubutchala. Ngati simungakwanitse chakudya cha m'matumba chopangira ana agalu, phikani phala lolimba la mgaiwa, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu likhale la zomanga thupi. Usipa, matemba kapena bonya wosinja ndi wabwino kwambiri chifukwa galu amadya ndi minga yomwe, mmene muli kashiamu. Ngati ndi wamchere, muyambe mwamunyika m'madzi. Dzira lowiritsa, kachiwindi pang'ono kamodzi kapena kawiri pasabata, dzungu lophika ndi masamba zimathandiza. Soya akhale wokazinga kapena wophika bwino, pakuti wamuwisi amasokoneza kugaya chakudya m'mimba. Kwa agalu a mitundu ikuluikulu monga Boerboel, Rottweiler ndi German Shepherd, ine ndimalimbikitsa chakudya cha m'matumba cha ana agalu m'chaka choyamba, ndipo musawonjezerepo mapiritsi kapena ufa wa kashiamu, chifukwa kwa iwowa akachuluka amawononga mfundo za mafupa. Mukafuna kusintha chakudya, sakanizani chatsopano ndi chakale pang'onopang'ono kwa sabata imodzi, apo ayi katsegula m'mimba, inu n'kuganiza kuti chatsopanocho n'choipa.

Za chimanga ndinenepo zambiri, chifukwa pano timalakwitsa kwambiri. Chizolowezi chathu n'chakuti chimanga chofumbwa, chowola kapena chochita chuku, chimene anthu achikana, chimapita kwa agalu ndi nkhuku. Chuku cha pa chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ngakhale muphike motani, ndipo galu ndi chimodzi mwa ziweto zimene chiwindi chake sichimupirira. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala chomwechi cha kukana chakudya, kenako kusanza, kufooka, ndi chikasu m'maso ndi m'nkhama. Mu Ogasiti 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 akuganiziridwa kuti anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Choncho galu amene amadya bwino akakana mwadzidzidzi thumba latsopano la ufa, la madeya kapena la chakudya chogula, musamuumirize ndi njala ndipo musathiremo msuzi kuti mumunyenge. Nunkhizani thumbalo, onani ngati muli zibuma kapena chinyezi, ndipo ngati mukukayika, musamupatsenso.

Makombo a patebulo ali ndi zoopsa zawo. Anyezi ndi adyo, amene sasowa mu ndiwo zathu, amawononga magazi a galu akamadya kawirikawiri. Mafupa ophika a nkhuku amathetheka n'kukhala ngati singano m'matumbo. Chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa iye. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri tikasiya kuyamwa. Ndipo kagalu kakaoneka kofooka musakamwetse Panado kapena Brufen, mungakawonongere chiwindi, impso ndi chifu. Ndamvaponso ena akuti galu azimanidwa chakudya kapena azithiriridwa tsabola kuti adzakhale wolusa. Zimenezi zimangopweteka m'mimba mwake ndi kumusandutsa wamantha, ndipo galu wamantha amaluma ana a pakhomo pomwepo.

Njoka zam'mimba musaziiwale. Tiagalu tambiri timabadwa nazo, chifukwa zimachokera kwa mayi wake tikadali m'mimba komanso kudzera mu mkaka. Mankhwala ake aperekedwe masabata awiri aliwonse kuyambira kali ndi masabata awiri mpaka 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kuchokera apo miyezi itatu iliyonse. Katemera wa parvo amayamba pa masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa mpaka cha pa masabata 16. Asanathe, kagalu kasamayendeyende kumene kumapita agalu ena, pakuti kachilomboka kamakhala m'dothi miyezi yambiri.

Mayi aja, eni ake a Bingo, ndinawauza kuti asiye kuwerengera zotsala m'mbale, azigwira nthiti. Mukasisita m'mbali mwa galu, nthiti zizimveka ngati mmene mumamvera mafupa a kuseri kwa dzanja lanu: zosaonekera patali, koma zosasowa mukagwira. Ndinawapemphanso kuti azimukweza pa sikelo sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, n'kulemba m'kope. Anabweranso patapita masabata awiri kudzatenga mankhwala a njoka. Anati tsiku loyamba Bingo anakhala pafupi ndi chitseko cha khitchini akulira, iwo mtima ukuwawa, mpaka anatuluka kupita kwa aneba kuti asamumve. Tsiku lachiwiri madzulo anadya theka. Lachitatu anamaliza phala lonse la mgaiwa ndi usipa. Pa sikelo anali atawonjezera magalamu 700, ndipo mano awiri akutsogolo atsopano anali atatuluka.