Ma aerobics ndi chammwamba sizilowa m'malo mwa mapiritsi a BP

Mawu amene ndatopa nawo ku kiliniki ya BP ndi shuga ndi awa: "Adokotala, mankhwala aja ndinasiya, panopa ndikuchita ma aerobics." Wina amati wayamba yoga, wina wasiya nsima ya ufa woyera, wina akumwa chammwamba m'mawa uliwonse. Onse amanena akumwetulira, kudikira kuti ndiwaombere m'manja. Ine ndimangotenga makina oyezera BP n'kuwamanga pamkono, ndipo nthawi zambiri nambala imene imatuluka imathetsa kumwetulirako.

Magulu olimbitsa thupi, monga a ma aerobics, ndi ophunzira kuphika ine ndimawakonda, ndipo odwala anga ndimawatumizako ndekha. Loweruka m'mawa mupeza anthu pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi akudumpha, sipika ili pakati. A ku Blantyre akukwera Michiru ndi Soche, a ku Lilongwe akupita ku Bunda kapena ku Nkhoma. Kumidzi amayi amaphikira limodzi ndi alangizi a zaumoyo, kuphunzira kusakaniza magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo ndi ochepa amene amakwanitsa zimenezi paokha. Anzako akamagogoda pageti mbandakucha, umadzuka ngakhale kuli chisanu cha mu June.

Koma tiyeni tiwerengetsere. Munthu wa BP akamalimbitsa thupi mokhulupirika, nambala ya pamwamba, pa ziwiri zimene makina amaonetsa, imatsika ndi 5 mpaka 8. N'zabwino ndithu. Tsono ngati munayamba mankhwala muli pa 170/100, ndipo tikufuna mukhale pansi pa 140/90, kudumpha kokhako kukufikitsani pati? Nambala yabwino imene munaiona mwezi watha inabwera chifukwa cha zinthu ziwiri, masewerowo ndi piritsi la amlodipine kapena HCTZ lija. Mukachotsapo piritsi, magazi amabwerera pamene anali, ndipo sakuuzani. BP sipweteka. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Ankalima, ankayenda mitunda, ankamva bwino.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anali mphunzitsi, wa zaka za m'ma 50, wodwala womvera amene buku lake la kuchipatala ankalikutira ndi pulasitiki. Ndine ndinamulimbikitsa kulowa gulu loyenda m'mawa la kudera kwawo. Anachepa thupi, maondo anasiya kuwawa, BP inakhala bwino. Kenako anasowa. M'gulumo munali mayi mnzake wogulitsa ufa wina wa m'mabotolo, wotchedwa woyeretsa magazi, ndipo anamuuza kuti mapiritsi a kuchipatala amaononga impso, munthu wochita masewera sawafunanso. Botolo limodzi linkadula kuposa ndiwo za sabata yonse, pamene mankhwala athu ankalandira ulere.

Patapita miyezi ingapo anandibweretsera ali pa wilitcheya. Mwana wake anandifotokozera kuti tsiku lina m'mawa kapu ya tiyi inangopulumuka m'dzanja la mayi ake, mlomo n'kupindikira mbali imodzi, mawu osamveka bwino. Anawagoneka kuti apume. Madzulo anaitana anthu a mapemphero. Mawa lake anawathira mafuta otentha n'kumawasisita mkono. Kuchipatala anafika tsiku lachitatu, atayamba kutsamwa ndi phala. Dzanja limene ankalembera pabolodi silinadzukenso. Amandizindikira, amayesa kundipatsa moni, mawu osatuluka. Wogulitsa ufa uja, ndinamva, akadali m'gulumo.

Pempherani, sindikuletsani, koma muzipemphera muli m'galimoto kupita kuchipatala. Nkhope ikapindika, mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, lilime likalemera mwadzidzidzi, imeneyo ndi sitiroko, ndipo ubongo ukufa pamene inu mukukambirana zoti mwina amulodza. Musamumwetse chilichonse, angatsamwe. Musamupatsenso asipirini mwa nzeru zanu, chifukwa sitiroko ina imabwera mtsempha ukaphulika m'mutu, ndipo asipirini amangowonjezera kukha magaziko.

Za impso zija ndiyankhe, poti bodza limeneli lafala pa WhatsApp ndi m'mabasi momwe. Chimene chimapha impso za anthu ambiri amene ndimawaona ndi BP ndi shuga zosasamalidwa, kuphatikizapo zomwamwa zosadziwika muyezo wake. Makina otsuka magazi a anthu ofa impso ali m'zipatala zowerengeka, monga Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo odikira ndi ambiri. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, tenderani mudye. Adyo, jinja ndi mandimu ikani m'zakudya mmene mukufunira. Koma munthu akakuuzani kuti botolo lake limachiza BP, shuga, khansa ndi kusabereka nthawi imodzi, mufunseni ngati linalembetsedwa ku bungwe loona za mankhwala la PMRA, muone mmene asinthire nkhani. Atsogoleri a magulu, anthu oterewa amakukondani chifukwa mwawasonkhanitsira makasitomala pamalo amodzi, anthu oopa matenda komanso okhala ndi kandalama. Musawapatse maikolofoni.

A shuga vuto lawo ndi lina. Munthu wamwa piritsi la shuga la glibenclamide kapena wadzibaya insulin, sanadye kanthu chifukwa wina anati kulimbitsa thupi ndi njala kumasungunula mafuta, kenako akukwera phiri. Pakati panjira ayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, kuyankhula ngati woledzera. Anzake amamupepesa ndi madzi n'kumati watopa. Ameneyo shuga watsika, ndipo akhoza kukomoka. Mupatseni masiwiti, shuga wa m'tiyi kapena chakumwa chotsekemera pompopompo ngati akutha kumeza. Wa shuga aliyense azidya kaye, aziyenda ndi masiwiti m'thumba, ndipo mnzake mmodzi azidziwa za matenda akewo. Madzulo aziyang'ana kumapazi. Kachilonda ka nsapato yothina kamene inu simungakalabadire, kwa iye kamatha kufikitsa podula mwendo.

Kumaphunziro ophika nako ndili ndi dandaulo. Ndaonapo amayi akuphika bwino kwambiri, nsima ya mgaiwa, bonongwe wotendera, nyemba, usipa, papaya pambali, mafuta ochepa. Ndiye pomaliza wina akufinyira timakyubu tokometsera tiwiri mumphika umene wathiramo kale mchere, patebulo n'kuikaponso kambale ka mchere wina. Muyezo wa WHO ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo m'menemo muwerengeremo mchere wa mu buledi, wa m'matemba ouma, wa pa kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya. Timakyubu tija mbali yaikulu ndi mchere. Soda amene mumathira m'therere ndi m'nkhwani nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mumchere, ndipo amaononga mavitamini ena a m'masamba. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakatha milungu yochepa. Abambo odandaula kuti ndiwo sizikukoma, apatseni tsabola ndi ndimu.

Yoga ndilibe nayo mlandu. Inachokera ku India, imafewetsa thupi, imathandiza msana ndi tulo, ndipo kupuma mofatsa kuja kumakhazika mtima pansi. Kungoti amene BP yake sinakhazikike asamaime chadodolido kapena kugwira mpweya nthawi yaitali. Woyembekezera ndi wodwala maso a glaucoma afunse kaye kuchipatala.

Magulu ambiri amasonkha ndalama za ma T-shirt ofanana ndi za sipika. Sonkhaninso za makina oyezera BP, a pamkono osati a padzanja, ndipo mupemphe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa kwanuko akuphunzitseni kayezedwe. Munthu akhale pansi mphindi zisanu asanayezedwe, masewera asanayambe, ndipo nambala ilembedwe m'kope. Opezeka ndi 140/90 kapena kupitirira kangapo apite kuchipatala. Wofika 180/110 asadumphe tsiku limenelo, apite tsiku lomwelo. Amene achepadi thupi ndipo nambala zawo zatsika kwa miyezi, abwere ndi kopelo. Zimatheka kuchepetsa mankhwala, ndipo ena ndawachepetserapo, koma timachita tikuyeza, piritsi limodzi panthawi, n'kuwapatsa tsiku lobweranso.