Uzimba wa pa akavalo ku Exmoor: lamulo limalola chiyani?

Mukayenda m'mapiri a Exmoor, kumwera chakumadzulo kwa England, mukhoza kukumanabe ndi anthu okwera akavalo akutsetsereka m'zigwa zakuya, agalu ali piringupiringu patsogolo. Mlendo amadabwa, poti anamva kuti uzimba wotere unaletsedwa kalekale.

Kodi chinaletsedwa n'chiyani kwenikweni?

Lamulo la Hunting Act 2004, lomwe linayamba kugwira ntchito ku England ndi Wales pa 18 February 2005, limaletsa kusaka nyama zakutchire zoyamwitsa ndi agalu, monga nkhandwe ndi mbawala. Kukwera kavalo m'mapiri sikunaletsedwe, kuweta agalu osaka nakonso ayi. Makoswe ndi akalulu okhala m'mauna mukhoza kuwasaka ndi agalu mwini malo akalola.

Nanga agalu ambirimbiri aja amatsata chiyani?

Eni ake amati amatsata fungo loikidwa ndi munthu. Wina amatsogola akukoka chinsanza chonunkha nkhandwe, agalu n'kumalondola, okwera akavalo pambuyo. Masewerawa amatchedwa trail hunting. Vuto lake n'lakuti galu wophunzitsidwa fungo la nkhandwe akadutsana ndi nkhandwe yeniyeni amasiya chinsanza n'kuithamangitsa, ndipo m'chigwa cha nkhalango wapakavalo amafika zonse zitatha. Kukhoti pamafunika umboni woti munthuyo anachita dala, umboni wovuta kuupeza pamalo otere. Ine ndikuona kuti apa lamulo linasiya mpata waukulu kwambiri. Bungwe la National Trust, lomwe limasamalira malo ambiri achilengedwe ndi a mbiri yakale, linasiya kupereka chilolezo cha masewerawa pamalo ake mu 2021, ndipo chipani cha Labour chinalonjeza pa chisankho cha 2024 kuti chidzawathetsa.

Kodi mbawala za ku Exmoor zikusakidwabe?

Inde. Lamulo limalola agalu osaposa awiri kuvumbulutsa nyama pobisala kuti iwomberedwe mwamsanga, monga pofuna kuteteza mbewu kapena kupeza ndiwo. Limalolanso agalu awiri pochita kafukufuku wa nyamayo. Magulu a alenje ngati Devon and Somerset Staghounds amatsamira pa ndime zoterezi. Otsutsa amadandaula kuti agalu amasinthidwa awiriawiri, mbawala n'kumathamanga kwa maola. Dandauloli si lachabe. Mu 1997 Pulofesa Patrick Bateson wa ku yunivesite ya Cambridge anapeza kuti mbawala yothamangitsidwa mtunda wautali imazunzika koopsa, thupi lake likulephera, ndipo National Trust inaletsa uzimba wa mbawala pamalo ake chaka chomwecho.

Kodi kulikonse amakwera akavalo?

Ayi. Ku Lake District, kumpoto chakumadzulo kwa England, mapiri ndi amiyala komanso oima njo, kavalo sangapondeko bwino, choncho magulu ngati Blencathra Foxhounds amatsata agalu wapansi.

Galu wanga akathamangitsa nyama tikuyenda, ndalakwa?

Ngati simunamutume ndipo mwayesetsa kumuitana, lamuloli silikukhudzani. Nkhosa ndi nkhani ina: zili ndi lamulo lakelake, choncho mumangeni chingwe mukayandikira ziweto.

Wolakwa amalandira chilango chanji?

Chindapusa, ndipo khoti likhoza kulanda agalu, galimoto ndi zida zosakira. Lamuloli silitumiza munthu kundende.

Nanga ku Scotland?

Kumeneko anakhwimitsa. Lamulo la 2023 limalola agalu awiri okha pokhapokha munthu atatenga layisensi, ndipo linaletsa kuika fungo la nyama kuti agalu azilondola.